Madala a panjanji akutha, kawafunseni akadali moyo

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kampata mu nyuzi yanu. Mwezi wathawu tayika m'manda bambo anga kuno ku Luchenza, munthu amene mphamvu zake zonse anazithera panjanji, ndiye ndati ndilembeko pang'ono za iwo komanso za anzawo amene atsala, poti anthu ngati amenewa samveka pawailesi olo tsiku limodzi.

Mdala wanga sanali dalaiva wa sitima ayi, sanalinso wa mu ofesi ku Limbe. Anali wa gulu lija loyenda pansi kuyendera njanji, analowa ntchito ku Malawi Railways nthawi ya Kamuzu akadali mnyamata mpaka anadzakhala kapitawo. Ntchito yake inali yodzuka tambala woyamba, sipanala yaikulu paphewa, hamala, mbendera yofiira m'thumba, nkumayenda pakati pa zitsulo ziwirizo kuyang'ana bauti ndi bauti, silipa (chogonekapo zitsulo za njanji) yowola, miyala ngati yakokoloka pansi, ngalande ngati yatsekeka ndi zinyalala. Dzuwa likatentha kwambiri chitsulo chimafutukuka nkupindika, mvula ikagwa usiku dothi limagumukira panjanji, ndiye munthu amayenera aone zonsezo sitima isanafike. Amene munakwerapo sitima yotsika ku Sandama, Thekerani mpaka Makhanga mukudziwa mmene njanji ija imakhotera m'mbali mwa Ruo, uku phiri uku phompho mtsinje uli pansi, bauti imodzi kumasuka pamenepo ndi maliro a mudzi wonse. Anthu amatsika pa siteshoni bwinobwino ndi mikoko yawo ya nthochi osadziwa kuti wina wayenda mtunda wonsewo m'bandakucha chifukwa cha iwo.

Kunyumba anali munthu wosalankhulalankhula. Malipiro akatuluka amayamba apatula fizi, kenako sopo ndi mchere, zotsala amapereka kwa mayi m'manja, sindinawaonepo atakhota ku bawa tsiku lamalipiro ngati mmene amachitira ena. Alongo awo atamwalira anatenga ana onse nkudzawalera limodzi ndi ife, mbale imodzi mphasa imodzi, ndipo mlendo akabwera samatha kusiyanitsa kuti wawo ndi uti wa mlongo wawo ndi uti. Pa maliro paja amene analira kwambiri ndi adzukulu awo omwewo, ena ndi aphunzitsi pano wina ndi namwino. Ndipo ngakhale amabwera atatopa miyendo itatupa, Loweruka khasu linali m'manja kumunda wa nandolo ndi chinangwa, amati ndalama ya pamwezi siidyetsa mbumba payokha.

Mbiri ya njanji amaidziwa ngati anachita kuiphunzira kusukulu, chonsecho anangoimva kwa akuluakulu amene anawapeza pantchito. Ndi iwo anatiuza kuti sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald komwe pano timati Nsanje, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 katundu amatha kuyenda osatsitsa mpaka ku doko la Beira. Tiyi wa m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje amakwerera pano pa Luchenza, tauni ino inakula chifukwa cha siteshoni imeneyi, achinyamata ambiri sadziwa zimenezi amangoona ngati zitsulo zongogona m'tchire. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inadula njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Chiromo, sitima nkumathera pa Makhanga, mu 1999 njanji inapita m'manja mwa kampani ya Central East African Railways (CEAR), ndiye madzi osefukira a 2015 anadzaonongeratu kumunsiko. Chilichonse mwa zimenezi mdala amachimva mumtima ngati wadwalitsa mwana.

Chimene chimawapweteka koposa atapuma ntchito ndi kuona anthu akumasula mabauti ndi zitsulo za njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Amatha kuima panjanji nkumaloza ndi ndodo yawo kuti apa pachoka chakuti, apa madzi akabwera adzadutsa pansi chifukwa kalavati yatsekeka. Ndipo namondwe wa Freddy atabwera mu 2023 malo ambiri amene amalozawo ndi omwewo madzi anang'amba, anthu am'mudzi ndi mboni.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga akonzi. Timamva za ntchito yokonza njanji ya Marka kukafika ku Bangula, timasangalala ndithu, ife a ku Thyolo tikudikira tsiku limene sitima idzachoke ku Limbe nkudutsa pa Luchenza mpaka kuoloka Shire ngati kale, chifukwa mayi wa ku Thekerani amene amakweza katundu wake motchipa pa sitima pano akulira ndi mitengo ya matola ndi kabaza wa njinga yamoto. Koma kodi mainjiniya amene akujambula mapulaniwo anakhalapo pansi ndi madala amene anayenda njanji imeneyi ndi mapazi zaka ndi zaka? Makina oyezera ndi abwino sindikukana, koma mdala amene anaona Ruo akusefukira kangapo amadziwa khwawa limene limaoneka louma chilimwe chonse nkudzasanduka mtsinje mu Januwale, amadziwa phiri limene limagumuka mvula ikagwa masiku atatu osaleka. Nzeru zimenezi sizinalembedwe mu buku lililonse, zili m'mitu mwa anthu okalamba amene ena akudwala, ena maso anasiya kuona, ndipo chaka chilichonse tikuyika mmodzi mmodzi.

Pa maliro a bambo panabwera anzawo akale ochepa chabe, ena oyendera ndodo, mmodzi anabwera atavala ovolosi yake yakale ya kuntchito yong'ambika m'mawondo, anati sangaperekeze mnzake atavala china. Amayi a Mvano atamaliza nyimbo, madala aja anakhala pansi pa mtengo wa mango nkuyamba kutchula masiteshoni motsatana kuchokera Limbe mpaka Nsanje osalumpha ndi imodzi yomwe, ife ana tinangoti kukamwa yasa.

Ndiye pempho langa ndi ili, tumizani mtolankhani wanu abwere ku Luchenza, atsikire ku Sandama ndi Thekerani, akafunse mafumu kuti amene anagwirapo panjanji ali kuti, sadzavutika kuwapeza aliyense amawadziwa. Awajambule, alembe zimene akudziwa, ndipo a unduna wa zamtengatenga nawonso awerenge asanathire konkire pamalo pamene madzi anakanapo kale. Akafika pa siteshoni ya Luchenza ine ndidzamuperekeza ndekha khomo ndi khomo, angofulumira mvula isanayambe poti misewu ya kumunsiko ikanyowa galimoto siidutsa.

Mwana wa kapitawo wa panjanji,
Luchenza, Thyolo