Ofulula mowa kunyumba aziyamba ayeza kutentha asanadzudzule chimera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya anzanga amene amafulula mowa wa balere kunyumba. Ndaona kuti mowa ukatuluka wootcha pakhosi kapena wonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ambiri amathamangira kudzudzula chimera kapena madzi, chonsecho nthawi zambiri cholakwika chimakhala kutentha kwa pamalo pamene anasiya chidebe kuti mowa uwire.

Yisiti ndi chamoyo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kutentha kumene umagwirira bwino ntchito. Yisiti wa mtundu wa mowa wotchedwa ale, amene akatswiri amamutcha Saccharomyces cerevisiae, kawirikawiri amafuna madigiri 18 mpaka 22 a Celsius, pamene wa mtundu wina wa mowa wotchedwa lager, Saccharomyces pastorianus, amafuna 8 mpaka 13, ndipo mowa wake umasungidwanso pozizira kwambiri kwa masabata angapo kuti uyere. Kutentha kukapyola malire amenewa, yisiti amadya shuga mwaphuma n'kutulutsa mankhwala ochuluka afungo otchedwa ma ester, omwe ena amanunkhira ngati nthochi yakupsa, komanso mitundu ina ya alikoholo yotchedwa ma fusel, omwe ndi amene amaotcha pakhosi paja. Kukazizira kwambiri, yisiti amagona pansi ntchito isanathe, ndipo shuga wotsalayo angathe kudzawiranso m'botolo mpaka kuliphulitsa.

Ineyo zinandionekera. Choyezera kutentha cha pakhoma chinkaonetsa madigiri 22, ndiye mtima unali m'malo, koma tsiku lachiwiri, thovu litakwera, ndinagwira chidebe n'kumva chikutentha ngati mphumi ya mwana wodwala malungo. Kuwira kumatulutsa kutentha kwakekwake, moti m'kati mwa chidebe mumafunda ndi madigiri angapo kuposa m'chipinda. Mowa umenewo ndinausunga miyezi itatu ndi chiyembekezo choti ufatsa, koma ukali wake sunachoke. Kuyambira pamenepo ndimamata choyezeracho pachidebe penipeni n'kuchiphimba ndi kansalu, ndipo chidebecho ndimachimiza m'beseni la madzi, n'kuchifunditsa thaulo lonyowa lomwe fani imaliuzira. Masiku atatu oyambirira ndiwo ofunika kuwayang'anira kwambiri, chifukwa ndi pamene yisiti amaswana ndi kupanga fungo lambiri la mowawo. Chakumapeto ndimalola kuti kufundeko pang'ono kuti yisiti amalize kuchotsa mankhwala otchedwa diacetyl, omwe akatsalira amapangitsa mowa kumveka ngati batala.

Pa nkhani yosankha yisiti, maganizo anga ndi akuti munthu ayambe waona kutentha kumene angathe kusunga kunyumba kwake, kenako agule yisiti wogwirizana nako, m'malo moyamba ndi dzina la mowa umene amaukonda. Kuchokera mu 1883, pamene wasayansi wa ku Denmark Emil Christian Hansen anapatula yisiti wa mtundu umodzi wosasakanikira ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, mitundu yachuluka kwambiri. Amene alibe firiji asadzivute ndi lager. Alipo yisiti wa ku Norway wotchedwa kveik, amene amawiritsa mowa pa madigiri 30 mpaka 40 popanda ukali uja, ndiponso amamaliza m'masiku ochepa. Ndisaiwale kunena kuti fungo la nthochi silikhala vuto nthawi zonse, pakuti ofulula mowa wa tirigu ku Bavaria, ku Germany, amalifuna mwadala, ndipo amasankha yisiti amene amalitulutsa.

Ena amafunsa ngati angagwiritse ntchito yisiti wa buledi. Mowa umapsa ndithu, popeza yisitiyo ndi wa mtundu umodzi ndi wa ale, koma anasankhidwira kufufumitsa ufa, motero sakhazikika pansi bwinobwino, ndipo mukangopendeketsa botolo nsenga zonse zimadzuka n'kudetsa mowa m'tambula.

Ine wanu,
Wofulula mowa kunyumba