Kuchepa kwa mapuloteni m'magazi sikutha ndi botolo la zitsamba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa za mankhwala azitsamba amene akugulitsidwa m'misika, m'madepoti ndi pa WhatsApp, omwe eni ake amati amaphwetsa miyendo ndi mimba yotupa komanso amawonjezera mapuloteni m'magazi. Sindine mdani wa zitsamba, ndipo ndikudziwa kuti anthu ambiri kumudzi amayamba afika kwa sing'anga asanaganize za ulendo wa kuchipatala. Koma pa vuto ili lokha ndikuona kuti tikusocheretsana, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi odwala amene akufika kuchipatala madzi atafika kale m'khosi.

Puloteni wamkulu wa m'magazi, amene madokotala amamutchula albumin, amapangidwa m'chiwindi, ndipo mwa munthu wamkulu wathanzi amakhala pakati pa magalamu 35 ndi 50 pa lita imodzi. Ntchito yake ina ndi kusunga madzi m'mitsempha ya magazi. Akachepa kwambiri, madzi amatuluka m'mitsempha n'kukadzaza m'mapazi, m'miyendo, kumaso ndi m'mimba, mwakuti ukadina ndi chala pamwamba pa phazi pamatsala kadzenje komwe kamachedwa kubwerera. Ambiri timasokoneza vutoli ndi kuchepa kwa magazi, n'chifukwa chake wodwala wotere amapatsidwa madzi a chidede kapena a masamba a mapeyala owiritsa. Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo kufiira kwa chakumwa sikukhudzana ndi puloteni amene akusowayo.

Chimene ogulitsa mabotolo sanena n'chakuti puloteniyu amachepa pa zifukwa zosiyana kwambiri. Wina sakudya zomanga thupi zokwanira. Wina chiwindi chake chaonongeka ndi kachasu kapena ndi kachilombo ka hepatitis B, ndiye ngakhale adye bwino chotani, chiwindicho sichikupanga mokwanira. Wina impso zake zikutaya puloteni mumkodzo, ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri ndi mkodzo wa thovu lambiri ndi zikope zotupa m'mamawa. Kumudyetsa mazira munthu wotere popanda kuchiza impsozo kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Palinso odwala TB, amene ali ndi HIV koma sali pa mankhwala, ndi otsegula m'mimba kwa nthawi yaitali. Botolo limodzi lingachize bwanji zonsezi? Chachisoni n'chakuti chiwindi ndi impso ndizo ziwalo zimene zimasefa chilichonse chimene tamwa, choncho kumwetsa wodwala chiwindi makungwa ndi mizu yosadziwika mlingo wake, makamaka ija yotsegula m'mimba imene amati imatsuka m'thupi, n'kusenzetsa katundu chiwalo chimene chatopa kale. Mimba ikaphwa pang'ono chifukwa chotsegula, abale amasangalala kuti mankhwala agwira, pamene wodwalayo wangotaya madzi ndi mchere wa m'thupi.

Mwa zomera zonse zimene zimatchulidwa pa nkhaniyi, chammwamba ndicho chili ndi mbiri yomveka. Ufa wa masamba ake ouma uli ndi puloteni pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndipo ulinso ndi michere ina yothandiza. Vuto lili pa mlingo. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 a puloteni pa tsiku, pamene kasupuni kakang'ono ka ufa wa chammwamba kamene timathira m'phala kamapereka galamu imodzi kapena kucheperapo. Dzira limodzi limapereka magalamu 6. Choncho chammwamba tichitenge ngati ndiwo, tichidye chambiri ndi chotendera monga timachitira ndi nkhwani kapena chigwada, osati kuchigula m'kabotolo pa mtengo woti ukadagula mazira a sabata yonse.

Pamene vuto ndi kadyedwe, nzeru za makolo zilipodi, koma zili mumphika. Nsima ya mgaiwa ili ndi puloteni pang'ono, magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 a ufa, ndipo puloteni wa chimanga ndi wopelewera pa yekha, koma akakumana ndi wa nyemba, khobwe, nandolo kapena nzama amakwanirana bwino. Kondowole ndiye ali ndi wochepa zedi, n'chifukwa chake kumadera odya chinangwa nsomba si chakudya chongosangalatsa pakamwa ayi. Nyemba zouma zili ndi magalamu opitirira 20 pa 100 alionse, mtedza pafupifupi 25, soya kupitirira 35, ndipo usipa kapena matemba ouma, oposa theka la kulemera kwake ndi puloteni. Amayi amene ankathira nsinjiro m'futali, m'phala ndi m'masamba, amene ankaphika chipere, amene ankasinja matemba n'kuthira ufa wake m'phala la mwana, ankachita zimene lero alangizi a zaumoyo akuphunzitsa ndi zithunzi za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ngumbi, mphalabungu, ziwala ndi mbewa, zimene ena ayamba kuchita nazo manyazi akasamukira m'tauni, nazonso ndi zomanga thupi zenizeni. Ngakhale Likuni Phala ndi chiponde cha kuchipatala maziko ake ndi omwewa, soya ndi chimanga kwina, mtedza ndi mkaka kwina.

Pa mtedza pali chenjezo limodzi lofunika. Mtedza ndi chimanga zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga kapena kuphika. Chizolowezi chathu chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wofota ndi wowola kuti ukhale wa nsinjiro za pakhomo chimatanthauza kuti poizoniyo tikumusungira ana athu. Mtedza wowawa, wakuda kapena wa nkhungu ndi wotaya, ngakhale mtima uwawe.

Za ana ndiyenera kunenapo mosapita m'mbali. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo pakati pa ana osowa zakudya otere ndi pamene pamatuluka aja otupa mapazi ndi masaya, atsitsi lofiirira lonyonyoka, akhungu losupuka, osafuna kudya kapena kusewera. M'midzi yambiri mwana wotere amati wachita tsempho kapena mdulo, ndipo masiku amatha akuluakulu akufufuza kuti ndani mwa makolo sanadzisunge, uku akumusambitsa ndi kumumwetsa mankhwala. Sindikufuna kutsutsana ndi anthu pa chikhulupiriro chawo m'kalata ino, koma mwana wotupa mapazi onse awiri ali pangozi ya imfa ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko sayamba n'kumudyetsa mazira ndi nyama, chifukwa thupi lake lofooka silingazilandire. Kwa mwana wodwalika kwambiri amayamba ndi mkaka wapadera wa F-75 pang'onopang'ono, limodzi ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo, kenaka n'kufika pa chiponde. Izi sizingachitikire pakhomo. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera amene watupa manja ndi nkhope, makamaka ngati mutu ukumuwawa: ameneyo afunika kuyezedwa kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo msanga.

Pempho langa loyamba likupita kwa asing'anga, amene ambiri mwa iwo ndi anthu anzeru odziwa malire a ntchito yawo: wodwala wotupa muzimutumiza kukayezetsa musanamupatse chilichonse. Kuyeza puloteni mumkodzo kumangofuna kakapepala koviika, ndipo zotsatira zimadziwika m'mphindi zochepa. Ngati zapezeka kuti ndi impso, wodwalayo adzauzidwa kuchepetsa mchere, ndipo ena amene impso zawo zafooka kwambiri amauzidwa kuti asachulutse n'komwe zomanga thupi, malangizo amene ndi osemphana ndi zimene achibale akadachita mwa chikondi chawo. Odwala nawonso adziwe kuti albumin sakwera tsiku limodzi, pakuti ngakhale chithandizo chili choyenera pamatenga masabata kuti kusintha kuoneke, ndiye asathamangire kwina poganiza kuti zakanika.

Pempho lachiwiri likupita ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi kwa eni mawailesi ndi nyuzipepala. Wogulitsa aliyense amene akulengeza kuti mankhwala ake amakweza mapuloteni m'magazi kapena amachiza chiwindi ndi impso afunsidwe umboni asanapatsidwe mpata, ndipo botolo lililonse lilembedwe zomera zimene zili m'katimo ndi mlingo wake, kuti dokotala wolandira wodwala amene wamwa adziwe chimene akulimbana nacho.

Ine wowerenga wanu,
Mponela, Dowa