Lipoti la Msonkhano wa Alimi a Maluwa: Nayitrojeni ndi Nsonga za Chrysanthemum

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse, ndikupereka lipoti la msonkhano wa masiku awiri umene munandituma kuno ku Lilongwe. Alawansi munandipatsa inathera pa minibasi ndi chakudya chamasana, ndipo malisiti ali kwa a Msungichuma. Tsiku loyamba linatha ndi malonje komanso nkhani ya misika imene tonse timaidziwa kale.

Chimene chinandipindulira ulendowu ndi phunziro la tsiku lachiwiri. Mphunzitsi anaika patebulo nsonga ziwiri zodulidwa ku duwa la chrysanthemum, zimene timazika mumchenga kuti zimere mizu, natiuza kuti tizithyole. Yoyamba inathyoka kuti thwa, ndipo masamba ake anali obiriwira bwino. Yachiwiri, yochokera ku duwa lothiridwa feteleza mopitirira, inali yonenepa, yamadzimadzi, ndipo inangopindika pakati pa zala zanga. Nsonga yotereyi imafota msanga ikadulidwa, ndipo ikalowa mumchenga wonyowa imayamba kuola kutsinde mizu isanatuluke. Komabe kumana duwa feteleza si mankhwala, pakuti nsonga yochokera ku duwa la njala, la masamba achikasu, imatulutsa mizu yochepa ndiponso mochedwa.

Mfundo yaikulu ndi yakuti nayitrojeni, chakudya cha mbewu chopezeka mu feteleza, apite ku maluwa amene timadulako nsonga, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, osati ku nsonga zimene tangozika kumene. Nsonga ya masentimita 5 mpaka 8 ilibe muzu woyamwira chakudya, choncho imadalira chimene inasunga ili kwa mayi wake mpaka mizu itatuluka, kawirikawiri pakatha masiku 10 mpaka 14. Pamenepo ndi pamene tingayambe kuthirira feteleza wosungunula kwambiri m'madzi.

Ife takhala tikuchita mosemphanitsa. Mukumbukira kuti chaka chatha nsonga zathu zinaola m'nazale, ndipo mlandu unagwera ine kuti ndinkathirira madzi ambiri. Ndinakhala chete pofuna mtendere, koma ndinaona ndi maso anga timibulu toyera ta yureya pamwamba pa mchenga patangopita masiku atatu tizikire. Yureya ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, ndipo pa tsinde lodulidwa kumene amangowotcha. Sinditchula dzina, koma ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe m'buku la gulu.

Ambiri kumsonkhanoko anagwirizana zoti feteleza wa CAN, amene ali ndi nayitrojeni pafupifupi 27 peresenti, ndi wabwinoko pa maluwa odulako nsonga, ndipo ine ndikuvomereza. Ndikudziwa kuti ena adzati yureya ndiye amapezeka mosavuta chifukwa amatsala kumunda wa chimanga, koma duwa si chimanga, ndipo thumba limodzi la CAN lingatikwanire nyengo yonse ngati lisungidwa malo amodzi osati kugawana m'timapepala monga tinachitira ulendo wapitawo.

Anatikumbutsanso kuti chrysanthemum imachita maluwa usiku ukatalika, ndipo popeza masana athu kuno safika maola 14, maluwa odulako nsonga amafunika kuwayatsira getsi usiku kuti asayambe kuphukira maluwa. Nsonga imene yayamba kale kuphukira duwa siikula bwino ngakhale muithire feteleza wotani. Nkhani ya mababu ndinaibweretsa kale kawiri ndipo inakankhidwira kutsogolo. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiyambe ndi imeneyi, kenaka tisankhe munthu mmodzi yekha wosunga feteleza ndi kiyi wa nazale.