Msilikali woteteza makompyuta akavula yunifolomu asamayambirenso pansi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzi yanuyi ndinenepo nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Ine ndinagwira usilikali zaka zambiri ndithu ndipo chakumapetoko ntchito yanga sinalinso ya mfuti ayi, inali yokhala pa kompyuta usana ndi usiku kulondera netiweki kuti mdani asalowe. Nditavula yunifolomu ndinkangoti ntchito ndiipeza mawa lomwe, sinanga kulikonse makampani akulira kuti akatswiri oteteza makompyuta ndi ochepa. Koma ndinatha miyezi ndikungotumiza ma CV osamva kanthu, ndipo komwe anandiitana ku intavyu bwana wina atawerenga pepala langa kawiri anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "nanga bambo kuusilikaliko kwenikweni mumatani?" Funsolo linandipweteka mpaka kumtima. Pano ndimaona kuti bwana uja sanalakwe, pepala langa linadzadza ndi maudindo, mayina a makosi komanso zilembo zachidule zimene munthu woti sanagubepo sangazitolere, ndiye iye amaona munthu wamwambo basi, luso langalo silimaoneka.

Vuto lalikulu lagona pamenepa, luso lilipo koma timalephera kulinena m'chilankhulo chimene olemba ntchito amamva. Ndipo kwa ife a za chitetezo cha makompyuta chinthuchi chimavuta kawiri chifukwa tinalumbira kusunga chinsinsi, lumbirolo silitha tsiku lopuma ntchito. Mnzathu amene ankayendetsa malole akhoza kufotokoza zonse momasuka, koma iwe ntchito imene umainyadira kwambiri ndi yomweyo imene sungaitchule olo kwa mkazi wako. Anzanga ambiri pofuna kupewa kulakwa amangokhala chete, akafunsidwa amati "zimenezo sindingayankhe" kenako intavyu yathera pompo. Chikhalirecho njira ilipo. Sukuyenera kutchula malo, dzina la sisitimu kapena mdani amene munalimbana naye, koma ukhoza kunena kuti ndinkatsogolera anthu angapo olondera netiweki maola 24, ndinkawerenga ma log, zolembedwa zimene makina amasunga za zonse zochitika, tsiku lililonse, ndikaona chachilendo ndinkafufuza gwero lake, kupatula makina okhudzidwa, kulemba lipoti ndi kuonetsetsa kuti bowo limene mdani analowera latsekedwa. Mawu amenewa sanaulule kanthu, koma munthu wa kampani akawamva amadziwa pompo kuti uyu wagwirapo ntchito ya mu SOC, chipinda chija amalonderamo ma netiweki, komanso kuti incident response, ntchito yothana ndi chiwembu chikachitika, sangachite kumuphunzitsa. Ndipo ukakayika ndi bwino kukafunsa ofesi yoona za chitetezo kumene unkagwirako kuti ikuonere pepalalo usanalitumize, paja safunsa anadya phula.

Chimene chimandidabwitsa nchoti ntchito imeneyi kumakampani imayankhula kale chisilikali. Mawu oti red team ndi blue team, gulu loyeserera kuukira ndi gulu loteteza, anachokera ku masewera a nkhondo. Zija amati cyber kill chain, zofotokoza masitepe amene wakuba amadutsa kuyambira kuzonda mpaka kutulutsa deta, anazilemba a kampani ya zida za nkhondo ya Lockheed Martin mu 2011 potengera maganizo a asilikali. Kevin Mandia anali ofesala wa asilikali a m'mlengalenga ku America asanayambitse kampani yoteteza makompyuta ya Mandiant mu 2004, ndipo Google inadzagula kampaniyo mu 2022 pa madola oposa 5 biliyoni. Ku Israel anthu ochokera ku gulu la asilikali lotchedwa Unit 8200 ndi amene ali kuseri kwa makampani ambiri a zachitetezo, Gil Shwed wa Check Point imene inayamba mu 1993 anadutsa kumeneko, chimodzimodzi Nir Zuk amene anayambitsa Palo Alto Networks mu 2005. Sindikunena kuti msilikali aliyense adzakhala ngati amenewa, ndikungofuna olemba ntchito aone kuti munthu wochokera ku usilikali si mlendo pa ntchitoyi.

Tsono kwa asilikali anzanga amene mudakali m'kati, nkhani ya ma satifiketi musaizengereze. Ndikudziwa ena amanyansidwa nazo kuti munthu woti wagwira ntchito zaka 10 akalembenso mayeso osankha yankho, inenso zinkandinyansa, koma kosi ya kuusilikali olo ikhale yovuta bwanji pepala lake kunja kuno ambiri salidziwa pomwe satifiketi ya Security+ ya bungwe la CompTIA amaidziwa paliponse. Imeneyi ndiye poyambira, safuna kuti ukhale ndi zaka zinazake pa ntchito, kungoti umaikonzanso pakatha zaka 3. CISSP ya ISC2 ndi yolemerapo, imafuna zaka 5 za ntchito m'magawo osachepera 2 mwa magawo 8 amene iwo anaika, ndipo chimene ambiri sadziwa nchoti zaka za kuusilikali zimawerengedwa bola ntchitoyo ikhale yokhudza magawo amenewo komanso papezeke wokuchitira umboni. Amene mtima wanu uli pa zoyesa kuthyola ma sisitimu ndi chilolezo pali OSCP, mayeso ake ndi a manja, umakhala pafupifupi maola 24 ukulimbana ndi makina kenako nkulemba lipoti, ndipo kunena zoona msilikali wozolowera kuchezera ali ndi mwayi pamenepo. Ofuna za utsogoleri pali CISM ya ISACA. Musatolere onse ngati zokongoletsera khoma, sankhani kaye mtundu wa ntchito ndiye pepala litsatire. Ndipo yambani kudakali chaka kapena kuposa, chifukwa malipiro akangoleka mtima sukhalanso m'malo woti uwerenge.

Koma pali china chimene satifiketi siingakuphunzitse, ndipo apa ndiyankhula mosabisa chifukwa ndi pomwe ine ndinavutika kwambiri nditapeza ntchito. Kuusilikali ukanena kuti makina awa azimitsidwe amazimitsidwa, lamulo ndi lamulo ndipo wofunsa chifukwa amafunsa atamaliza kuchita. Kukampani sizili choncho. Ndinapezapo seva ina yokalamba yodzadza ndi mabowo, ndinalemba kuti ichotsedwe msangamsanga, ndiye mkulu woona za malonda anangondiyankha kuti seva imeneyo ndi imene imalandira maoda a makasitomala, ikaima tsiku limodzi mutilipira ndinu? Ndinakwiya, ndinkaona ngati anthuwa ndi osasamala. Patapita nthawi ndinamvetsa kuti iye amateteza chinthu chenicheni ngati mmene ine ndimatetezera, kampani ilipo kuti igulitse, ndipo ntchito yanga ndi kumuonetsa kuti chiopsezocho chikachitika chidzadya zingati poyerekeza ndi kukonza lero, kenako nkugwirizana tsiku ndi ola loti tikonze popanda kuimitsa malonda. Zitsanzo zomuuza munthu wotere zilipo zosachita kupeka. Mu June 2017 pulogalamu yoononga ya NotPetya inagwetsa makompyuta a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk moti anachita kukonzanso ma seva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndalama zimene anataya zinali pakati pa madola 250 ndi 300 miliyoni. Mu May 2021 a Colonial Pipeline ku America anatseka paipi ya mafuta kwa masiku angapo chifukwa akuba analowa ndi pasiwedi imodzi ya akaunti yakale ya VPN, njira yolowera mu netiweki ya kampani uli kutali, imene inalibe chitsimikizo chachiwiri kupatula pasiwediyo. Bwana wa malonda ukamufotokozera motere amatchera khutu, koma ukamuuza kuti malamulo akutero basi amakuona ngati chipsinjo ndipo mawa adzachita zinthu mokuzembera. Ndiye kuphunzira kunyengerera, kumvetsera ndi kufotokoza m'mawu osavuta ndi gawo la ntchito, si kufooka ayi.

Tivomerezenso kuti zina timatsalira. Ma netiweki ambiri a asilikali ndi otsekedwa ndipo zida zake zimasintha mochedwa, pomwe makampani ambiri anasamukira ku cloud, ma seva obwereka a pa intaneti, ndiye munthu ukhoza kukhala katswiri koma cloud ya AWS kapena Azure sunaigwirepo. Palinso malamulo oteteza deta ya anthu monga GDPR ya ku Ulaya imene inayamba kugwira ntchito mu 2018, ndi miyezo ya chitetezo cha deta ngati ISO 27001 imene ma auditor amafunsa. Izi nzophunzirika, miyezi ingapo ya khama ndi kalabotale kakang'ono koyesererapo pa laputopu yako zimakwana, chofunika nkuvomera kuti sukuzidziwa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kwa inu olemba ntchito pempho langa nali. Ambiri mwa inu ma CV mumayamba mwawasefa ndi pulogalamu yofufuza mawu, pepala lopanda mawu oti SIEM kapena Splunk, mapulogalamu osanthula ma log, kapena digiri limatayidwa munthu asanalione nkomwe, ndipo sajeni woti wakhala zaka akugwira ntchito yomweyo ndi zida za mayina ena amagwera pomwepo. Mukaona pepala la msilikali wakale lipatseni munthu wa ku dipatimenti ya chitetezo aliwerenge yekha, ndipo pa intavyu musakakamire kuti akuuzeni zimene anachita, mpatseni vuto. Muikireni ma log patebulo, muuzeni kuti ndi 2 koloko usiku, mafailo a kampani ayamba kudzitseka okha ndipo bwana wamkulu sakuyankha foni, achita chiyani poyamba? Pamenepo mudzaona munthu amene sanjenjemera, amene amadziwa woyenera kumudzutsa, amene amalemba chilichonse ndi nthawi yake komanso amasiyira mnzake shifiti mwadongosolo. Zimenezi mwana wongotuluka ku koleji zimamutengera zaka. Ndipo munthu akakana kukuululirani chinsinsi cha komwe wachokera musamuone ngati wamwano, ndi mmene adzasungire chanunso. Chinanso musamangowaponyera ku ntchito ya ulonda wa pageti poti ndi asilikali, kapena kumulemba munthu woti wagwira ntchito zaka 15 ngati wongoyamba kumene ndi malipiro a wophunzira, ambiri amavomera chifukwa sanazolowere kukambirana za malipiro, kuusilikali ndalama imayendera udindo ndipo palibe amene amanenerera.

Akuluakulu a asilikali nanunso muli ndi mbali yanu. Ku America kuli ndondomeko ya SkillBridge imene imalola msilikali kukaphunzira ntchito kukampani m'masiku 180 omaliza a usilikali wake akulandirabe malipiro ake, ndipo unduna wawo wa zachitetezo unayamba kale mu 2005 kufuna kuti ogwira ntchito za chitetezo cha makompyuta azikhala ndi ma satifiketi odziwika kunja ngati Security+ yomweyi, ndiye munthu amatuluka ali ndi pepala lomveka m'manja. Gulu lankhondo lililonse likhoza kuchitako zofanana malinga ndi thumba lake, olo kungolemba kalata yofotokoza luso la munthu m'mawu wamba popanda zachinsinsi zingathandize kwambiri. Mukawasiya anthuwa akungoyendayenda dziwani kuti ena akuwafuna. Magulu a ransomware, akuba otseka mafailo a anthu nkumafuna dipo, amalemba anthu ntchito ndipo amalipira, komanso mu 2021 anthu atatu amene kale anali a zaukazitape ndi usilikali ku America anavomera kulipira madola oposa 1.6 miliyoni ku boma lawo chifukwa chothandiza ntchito yothyola mafoni ndi makompyuta a anthu pofuna kupindulitsa boma la United Arab Emirates. Munthu amene boma linamuphunzitsa kuthyola ndi kuteteza, akakhala miyezi osapeza pogwira ana akumuyang'ana, mayesero amakhala aakulu.

Sabata yathayi mnyamata wina amene ndinkagwira naye shifiti ananditumizira CV yake, watsala ndi miyezi 8 kuti atuluke. Tinakhala pa foni maola awiri tikufufuta zilembo zachidule chimodzichimodzi nkumalemba zimene ankachitadi ndi manja ake, ndipo titamaliza anakhala kaye chete kenako anati sankadziwa kuti amadziwa zambiri chonchi. Mayeso a Security+ walembetsa mwezi wamawa. A Mkonzi, ngati mungatsegule tsamba loti olemba ntchito ndi asilikali opuma aziyankhulana pa nkhani imeneyi, ine ndili wokonzeka kuyankha mafunso a anzanga kudzera mwa inu.

Ine wanu,
Msilikali wopuma