Ndakhala ndikusunga ndalama mobisira amuna anga, tsopano tulo tandithawa

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, wa ana atatu, ndipo ndimakhala ku Ulongue m'boma la Angónia kuno ku Tete. Nkhani imene yandibweretsa pakhomo panu ndi ya ndalama. Sindinabe ya munthu aliyense, koma mmene mtima ukundiweruzira masiku ano, ndikungodziona ngati mbala m'nyumba mwanga momwe.

Bambo a kunyumba amagwira ntchito ya ulonda ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha. Amalandira mametikali 9,500 pamwezi. Anthu kumudzi akamva kuti munthu ali ku Moatize amaganiza kuti ndalama amachita kutapa ndi fosholo ngati malasha omwewo, osadziwa kuti banja lathu limaphika miphika iwiri. Kachipinda kamene amagona kumeneko ndi 1,800. Chakudya chawo, ngakhale adzimane bwanji, chimadya 2,500. Shapa, minibasi ija, yobwera kuno kumapeto kwa mwezi ndi kubwereranso imatenga pafupifupi 1,000. Ine amanditumizira 3,000, yotsalayo ndi ya apongozi ku Furancungo ndi mayunitsi a foni. Mukawerengera muona kuti yatha yonse, osatsala ngakhale ya chingwa.

Ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi pamsika. Mwezi ukandikomera ndimapeza phindu la 3,500 kapena 4,000, koma Januwale ndi Febuluwale, anthu akamadya kamodzi patsiku, nthawi zina ndimaweruka ndi tomato wofewa amene timangothira m'ndiwo tokha. Pa ndalama imeneyi ndi ija ya bambo ndiye pachoke ya chigayo, sopo, mafuta, mchere, magetsi a Credelec, makope a ana, ya chipepeso pamaliro, ya chopereka kutchalitchi. Chimanga timalima tokha, ndi chimene chimatipulumutsa, koma munda wa kuno popanda feteleza umangokupatsa mapesi, ndiye Novembala akamafika mutu umakhala utaima.

Kale tinkasunga limodzi. Tinali ndi kachitini ka mkaka kamene tinkaika pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo bambo akabwera tinkatseka chitseko, ana atagona, n'kumawerenga pamphasa. Zinali zokoma, Azakhali. Cholinga chinali malata, chifukwa mbali ina ya nyumba yathu ikadali ya udzu. Mu 2021 zinafika 11,000. Ndiye kunabwera foni kuti mwana wa mlongo wawo wapereka mimba ndipo akuchikazi akufuna chindapusa. Pasanathe masabata atatu kunabweranso ina, yakuti abale agwirizana zomanga chiliza cha malume awo. Bambo ndiwo mwini mbumba, alongo awo atatu onse amayang'ana iwo. Anatsegula kachitini kaja kawiri, kachitatu munatsala makobidi okhaokha. Nditadandaula anandiyankha mofatsa kuti, "Mayi a ana, chibale n'chipsera, sichipola. Ndikakana ine apita kwa yani?" Sindinawayankhe. Usiku umenewo kunagwa mvula, ndipo ndinadzuka kukatchera beseni pamene pamadontha paja.

Musawaone ngati munthu woipa. Samwa, sandimenya, za akazi ena sindinamvepo. Vuto lawo ndi limodzi: mawu akuti "ndilibe" satuluka pakamwa pawo ngati akudziwa kuti penapake pali kanthu.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kubisa. Poyamba ndinkasunga makwacha, poti ambiri amene amatipikula mbatata ku Lizulu ndi ku Calomue ndi a ku Malawi, ndipo ndinkati ndalama yachilendo sindingaigwiritse ntchito mwachisawawa pogula mchere. Ndinkaikulunga m'kapulana yakale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nditapita kwa anyamata osintha ndalama pamalire, zimene anandipatsa m'manja zinandifooketsa mawondo. Thukuta la chaka ndi theka linasungunuka ndili chigonere, ndipo ndinalibe womulirira poti palibe ankadziwa.

Mwezi wotsatira ndinagula kakhadi kena ka foni n'kutsegula e-Mola, yosungira ndalama pafoni, kusiya M-Pesa imene bambo amanditumizirapo. Lamulo langa ndi ili: tsiku lililonse limene ndagulitsa, ndisanagule ndiwo, ndimapatula 50 n'kumangirira pakona ya chitenje. Loweruka ndimakaika kwa ajenti wa kutali ndi msika, kumene anzanga sadutsako. Mwezi wabwino zimakwana 1,000, mwezi wina 600, miyezi ya njala osaika kalikonse. Ndilinso m'chipereganyu cha amayi khumi, chimene a m'tauni ya Tete amati xitique. Timasonkha 200 pasabata, ndipo ikafika nthawi yanga yolandira 2,000, theka ndimagula katundu wa geni, theka limalowa mufoni muja. Lero muli 19,300.

Kwa ena ndi ndalama yochepa, ya tsiku limodzi kumowa. Kwa ine ndi sopo amene ndinadula pakati, ndi nsapato imene ndasoketsa katatu, ndi tiyi amene ndamwa wopanda shuga kuti ana athire wokwanira. Za malata ndinazisiya kaye. Mwana wanga woyamba, mtsikana, ali kalasi 9, ndipo maphunziro aulere a boma amathera pomwepo. Kuyambira kalasi 10 pafunika ya matirikula yolembetsera sukulu, mabuku ndi zina. Mutu wake ndi wakuthwa, amalakalaka kudzaphunzira zaulimi pa yunivesite ya UniZambeze pompano pa Ulongue. Ine sukulu ndinalekera kalasi 6 chifukwa bambo anga anagulitsa ng'ombe yomaliza pa mlandu wa m'bale wawo. Sindifuna mwanayu adzaime pamsika pambali panga.

Tsopano imvani chimene chandisowetsa mtendere. Miyezi iwiri yapitayo apongozi anadwala kwambiri, ndipo anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Tete. Panafunika ya galimoto, ya chakudya cha alamu anga amene ankawadikirira, ndi mankhwala ena ogula. Bambo anandiimbira usiku, mawu akunjenjemera, nati, "Mayi a ana, mulibe kalikonse kumeneko? Ngakhale kochepa." Foni imene ndinali kuyankhulirayo ndi yomweyo imene munali 19,000. Ndinati ndili ndi 1,500 ya geni, ndipo ndinatumiza imeneyo. Anathokoza mpaka kunditchula mfumukazi.

Yotsalayo anakatenga katapila, 6,000 yodzabweza 9,000. Apongozi anachira, tithokoze Mulungu, ali kwawo. Koma bambo atabwera kumapeto kwa mwezi watha ndinaona lamba wawo ataboola bowo latsopano ndi msomali. Kolala ya malaya inali kulendewera m'khosi. Nditawapatsa nsima anadya mwakachetechete mitanda inayi, kenako n'kuseka kuti ku Moatize masiku ano amadya kamodzi, madzulo, asanapite kukalondera. Amanena ngati nkhani yoseketsa. Ine ndinatuluka panja ngati ndikukatenga madzi, n'kukalira kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lomwelo kamnyamata kanga komaliza kanali kuseweretsa foni yanga, n'kuyamba kuwerenga mokweza uthenga wa ndalama umene ndinaiwala kufufuta. Ndinakalanda foniyo mwaukali mpaka kanalira. Bambo anangondiyang'ana, osafunsa kanthu. Mpaka lero sindikudziwa ngati anamva.

Ndinayesa kufunsa anzanga a m'chipereganyu mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Mayi wina wachikulire anati mkazi wopanda kathumba kobisika ndi wopusa, iyenso anamanga nyumba ndi njira yomweyo. Wina anati ndalama yobisa imapasula banja kuposa chibwenzi, chifukwa mwamuna akaitulukira amayamba kukayikira ngakhale ana. Onse awiri ndikuwamva, ndipo onse awiri akundiopsa.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndiwauze? Ndikawauza, ndikudziwa kuti funso loyamba lidzakhala la usiku uja: "Mayi anga ali pakati pa moyo ndi imfa, inu munali ndi ndalama?" Ndidzayankha chiyani? Mtima wina ukuti ndichotse 9,000 ndikabweze katapilayo kuti munthu ayambenso kudya, ndiwanamize kuti ndabwereka kwa amayi a m'gulu. Koma limenelo ndi bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo ine ndimaimba kwaya Lamulungu lililonse. Ndikaulula zonse, ndikuopa kuti pofika Febuluwale, sukulu zikamatsegulidwa, mufoni mudzakhala mopanda kanthu ngati m'kachitini muja, chifukwa kwa alamu anga mavuto satha.

Ndiuzeninso, kodi mabanja ena a mapezedwe ngati athu amakwanitsa kusunga zingati pamwezi popanda kubisirana? Ine 1,000 imeneyi ndimachita kuifinya ngati madzi a m'chovala chouma kale. Kodi pali njira yoti tigwirizane kuti iyi ndi ya abale, ikatha yatha, ndipo iyi ndi ya sukulu, sikhudzidwa ngakhale kugwe chiyani? Ndaganizapo zotsegula buku kubanki m'dzina la mwanayu, kapena loti potapa tizisaina tonse awiri, poti chiphaso cha unzika cha BI ndi nambala ya msonkho ya NUIT ndili nazo. Koma kodi mwamuna amene analeredwa kuti ndiye mwini mbumba angavomere zimenezi osaona ngati ndikumudula kwa abale ake? Kapena ndiyambe ndadziwitsa ankhoswe kuti adzakhalepo pamene ndikuulula?

Bambo akubweranso pa 30 mwezi uno, ndipo mwini katapila wawapatsa mpaka pa 5.

Ine wanu wosowa mtengo wogwira,
Mayi wa ana atatu,
Ulongue, Angónia