Lipoti la maphunziro a ku Blantyre: kayezedwe ka madzi a m'maiwe osambiramo

A Wapampando, a komiti, ndi anzanga nonse osamalira maiwe osambiramo m'malo ogona alendo kuno kuchigwa, kuyambira ku Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje.

Pondituma kumtunda munandisenzetsa mafunso awiri. Loyamba, n'chifukwa chiyani madzi athu amachita ndere kukangotentha, chonsecho HTH, ufa wa klorini wophera tizilombo m'madzi, tikuthira mosaumira. Lachiwiri, kodi kamakina ka maginito kotakasira madzi oyeza kaja, komwe ena anakaona pa foni, n'koyenera kuti gulu litulutsire ndalama? Yankho langa ndi lakuti tigule ndithu, koma kabwere pambuyo. Chomwe chikutipweteka kwambiri ndi kayezedwe kathu: mlingo wa madzi oyezawo, kukula kwa dontho, ndi kuchuluka kwa mankhwala omwe timathira m'dziwe. Zipangizo zokonzera zimenezi n'zotsika mtengo kuposa kamakinako.

Aphunzitsi sanayambe ndi zolemba pa bolodi. Anatunga madzi m'dziwe la pamalo omwe tinali, mu ndowa imodzi, n'kutiuza kuti aliyense ayeze klorini momwe amachitira kuntchito kwake. Madzi amodzimodzi, mankhwala amodzimodzi, koma mayankho anabalalika. Kenako anayenda mmodzimmodzi kutionetsa pomwe panalakwika. Wina anadzaza kabotolo kupitirira mzere. Wina anapendeketsa botolo la madontho. Winanso anathira madontho atatu motsatizana asanatakase, mtundu n'kusintha iye osadziwa kuti wasinthira pa dontho liti.

Ambiri a ife tinazolowera kabokosi kofanizira mitundu kaja, koponyamo piritsi la DPD n'kuyang'ana ngati pinki wake akufanana ndi wa pa 1 kapena pa 3. Kamathandiza, koma kamadalira diso ndi kuwala kwa pamalopo, ndipo klorini akachulukitsa mtundu umafufuma mpaka munthu kuganiza kuti mulibe klorini, n'kuwonjezeranso wina. Njira yomwe tinaphunzira ndi yowerenga madontho, ya FAS-DPD. Mumathira kaufa m'madzi oyezawo, amasanduka pinki, ndiye mumadontheza mankhwala limodzilimodzi mpaka pinkiyo atheretu. Madzi akakhala mamililita 10, dontho lililonse ndi 0.5 ppm (1 ppm ndi galamu imodzi pa malita 1,000 a madzi). Akakhala mamililita 25, dontho ndi 0.2 ppm. Choncho madontho 6 pa mamililita 10 ndiye kuti klorini ali pa 3 ppm. Ndiye taonani: ngati mwathira mamililita 11 m'malo mwa 10, yankho lanu lalakwika kale ndi gawo limodzi mwa magawo 10 musanadonthezemo n'komwe.

Mankhwala a vuto limeneli ndi sirinji ya mamililita 10 yopanda singano, yomwe imapezeka mu famase iliyonse. Mumakoka madzi mpaka pa mzere, n'kupopera m'kabotolo. Amene akuyezera pa mzere wa kabotolo aike kabotoloko pa tebulo losapendekeka, awerame mpaka diso lilingane ndi mzerewo. Madzi amakwera pang'ono m'mphepete n'kutsika pakati, ndipo pansi pa kutsikako ndi pomwe payenera kukhudza mzere. Madziwo atungidwe polowetsa mkono mpaka m'chigongono, kutali ndi paipi yobwezera madzi m'dziwe, pampu itayenda kaye, ndipo kabotolo katsukidwe ndi madzi a m'dziwe lomwelo. Klorini ayezedwe nthawi yomweyo, osati madzi atagona m'botolo.

Za dontho ndi zomwe zinandidabwitsa. Botolo liyenera kuzondoka choongoka, kukamwa kuloza pansi penipeni, n'kulifinya pang'onopang'ono kuti dontho lidzaze lokha n'kugwa. Mukapendeketsa, kukula kwa dontho kumasintha. Komanso kukamwa kwa botolo la pulasitiki kumagwira timagetsi tija timakoka tsitsi pa chipeso, ndipo tikatero madontho amatuluka ang'onoang'ono, munthu n'kuwerenga ochuluka kuposa oyenera. Aphunzitsi anapukuta kukamwako ndi kansalu konyowa, tonse tinaona madontho akukula.

Tsono za kamakina kaja. N'kakang'ono kokwana m'dzanja, ndipo komwe tinagwiritsa ntchito kamayendera mabatire, nkhani ya kuzima kwa magetsi palibe. M'kati mwake muli maginito ozungulira. M'kabotolo ka madzi mumaponyamo kamaginito kena kokutidwa ndi pulasitiki yoyera, kukula kwake ngati nyemba. Mukakhazika kabotolo pamwamba n'kudina batani, ka m'katiko kamayamba kuzungulira, madzi n'kuchita kadzenje pakati. Dontho likagwa limasakanikirana pompo. Dzanja limodzi ligwire botolo choongoka, maso akhale pa mtundu, pakamwa pawerenge. Kali ndi kanyali kounikira pansi, kotero kusintha kwa mtundu kumaoneka ngakhale m'kanyumba ka pampu. Chenjezo n'lakuti muyeze mlingo wa madzi musanaponyemo kamaginitoko chifukwa kamakweza madzi, ndipo potaya madzi muzikagwira kaye. Kakagwera m'ngalande, makina onse asanduka chidole.

Poyeza klorini, munthu wodekha angathe ndi dzanja. Pomwe kamakinaka kamaonetsa ntchito ndi poyeza kashiamu, mchere wosungunuka m'madzi womwe umasiya zoyera pa matailosi, ndipo ifeyo a kuchigwa ndi amene tikufunika kuyeza kashiamu kuposa anzathu a kumtunda. Pa mamililita 25, dontho lililonse ndi 10 ppm, mtundu umachoka kofiira kupita ku buluu, ndipo susintha mwachangu: umadutsa kaye pa pepo. Dziwe la simenti limafuna kashiamu wa pakati pa 200 ndi 400 ppm. Ndiye kuti pa 400 mudontheza ka 40, kutakasa pa dontho lililonse. Ndani mwa ife sangayambe kuthamangitsa pofika dontho la 20, alendo akudikira kuti alowe m'madzi? Ndi kamakinaka madontho onsewo amatha mosatopetsa, ndipo buluu weniweniyo amaonekera pa dontho lake. Kashiamu akakhala wochuluka zedi mukhoza kuyeza pa mamililita 10, pomwe dontho limakhala 25 ppm, kuti mankhwala asathe msanga.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira pa kashiamu? Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi ake ndi amchere, tonse timawalawa, ndipo ena mwa ife ndi omwewo timadzazira maiwe. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, madzi amauma tsiku ndi tsiku, koma zomwe zinasungunuka m'madzimo zimatsalira. Tikawonjezera madzi a pa mjigo tawonjezeranso zomwezo. Pamwamba pa apo HTH yemwe timadalira ali ndi kashiamu: pa 10 ppm iliyonse ya klorini yomwe wabweretsa, amasiya kashiamu pafupifupi 7 ppm. Zoyera zokakamira pa matailosi zija, ndi madzi ochita mbuu ngakhale sefa yatsukidwa, gwero lake nthawi zambiri ndi limeneli, makamaka pH ikakwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, imakwera asidi akachepa). Palibe mankhwala ochotsa kashiamu omwe tingakwanitse, njira ndi kutaya gawo la madzi n'kuthira ena ochepa kashiamu. Choncho madzi odzazirawo ayezedwenso, tidziwe chomwe tikulowetsa.

Pa funso la ndere, zifukwa n'ziwiri ndipo zonse zimaoneka pokhapokha mutayeza. Dzuwa limawononga klorini, ndipo m'dziwe lopanda stabiliser, mankhwala oteteza klorini ku dzuwa, klorini wothira m'mawa akhoza kutha dzuwa lisanapendeke. Stabiliser amafunika pakati pa 30 ndi 50 ppm. Koma amene amagwiritsa ntchito mapiritsi a klorini aakulu oyandama aja ali ndi vuto losiyana: mapiritsiwo amawonjezera stabiliser pafupifupi 6 ppm pa 10 ppm iliyonse ya klorini, ndipo akachuluka klorini amafooka ngakhale choyezera chikuonetsa kuti alipo. Chifukwa chachiwiri ndi pH. Iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8. Pa 7.5 pafupifupi theka la klorini ndi lomwe lili ndi mphamvu yopha tizilombo, pofika pa 8 latsala gawo limodzi mwa magawo anayi. HTH amakwezanso pH. Ndiye munthu akamangothira HTH osathira asidi wotsitsa pH, akuwononga ndalama za abwana ake, ndere zikumera. Poyeza pH ndi stabiliser kamakina sikafunika. Pa pH tsekani kabotolo ndi chotsekera chake, osati chala, ndipo klorini akapitirira 10 ppm musakhulupirire mtundu womwe watuluka. Alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha, tinaidutsa mwachangu: pakati pa 80 ndi 120 ppm, mtundu kuchoka kobiriwira kupita kofiira, dontho 10 ppm pa mamililita 25.

Kapu yotapira HTH ija tiisiye. Tiyeze dziwe ndi tepi: la mamita 10 m'litali, 5 m'lifupi, kuya kwake tikakulinganiza mamita 1.5, limakhala malita 75,000. Popeza 1 ppm ndi galamu imodzi pa malita 1,000, kukweza klorini ndi 1 ppm m'dziwe limeneli kukufuna magalamu 75 a klorini weniweni. HTH wolembedwa 65 peresenti ndiye kuti magalamu pafupifupi 115. Sikelo ya kukhitchini ikukwana. Asidi ayezedwe ndi jagi yamizere yakeyake, ndipo azithiridwa m'madzi, osati madzi kuthiridwa mu asidi. HTH asakumane ndi asidi kapena mapiritsi aja, ngakhale pa chotapira chimodzi: mpweya wake ndi wakupha ndipo moto ukhoza kubuka.

Pali chimodzi chomwe anzathu a ku Blantyre sanachitenge ngati nkhani, koma ine ndinachifunsa mobwereza. Mankhwala oyezera amawonongeka ndi kutentha komanso kuwala, ndipo ife timawasiya pa windo la kanyumba ka pampu ka malata, pambali pa ndowa ya HTH. Mankhwala owerengera klorini akayamba kuchita chikasu, kapena kaufa kaja kakada n'kuumbika, zatha ntchito, olo mutakasire pa makina. Azikhala mu ofesi kapena m'sitolo yozizirira, otseka bwino, ndipo tizigula timabotolo ting'onoting'ono tomwe tingathe m'chaka chimodzi.

Ndiwonjezere kuti luso limeneli silothera pa dziwe. Munaona alangizi a zaumoyo ndi timabokosi tofanizira mitundu tomweti nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, komanso m'misasa namondwe Freddy atadutsa mu March 2023. Madzi akumwa amafuna klorini wa 0.5 ppm patatha mphindi 30 chithirireni, ndipo asatsike pa 0.2 pofika pa mpopi. Ndi mamililita 25 tikhoza kuyeza matanki a pamalo athu molondola.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Aliyense agule sirinji yake ndipo apemphe sikelo kwa abwana ake mwezi uno, zimenezi sizikufuna thumba la gulu. Gulu ligule bokosi limodzi la mankhwala owerenga madontho ndi kamakina kamodzi, pamodzi ndi timaginito tapadera, zizikhala ku Nchalo, zizizungulira kamodzi pa mwezi poyeza kashiamu, alkalinity ndi stabiliser. Klorini ndi pH aliyense aziyeza yekha tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi masana, n'kulemba mu kope. Mitengo ndi malisiti a ulendo ndapereka kwa a msungichuma. Pobwera ku msonkhano wa ku Nchalo mutenge mabotolo awiri otsuka bwino, lina la madzi a m'dziwe, lina la madzi omwe mumadzazira, komanso muyeso wa dziwe lanu ndi mankhwala oyezera omwe muli nawo, tidzaone oyenera kutaya.