Ndinasiya tchalitchi koma mantha akukana kundisiya

Azakhali,

Kalatayi ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira sabata yatha, lero ndangoti kaya zivute zitani nditumize basi. Ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala kuno ku Mzuzu, ku Chibavi, ndimagulitsa kaunjika. Ndili pabanja, mwana mmodzi wa zaka 7.

Ine ndinakulira mu CCAP. Mu 2016 mnzanga ananditengera ku ovanaiti ya mpingo wina wa mabonageni, ya aneneri ija, dzina sinditchula. Kunena chilungamo poyamba zinandikomera. Ndinali mlendo mtauni muno, Chitumbuka chake ndimangodziwa monile basi, bambo akunyumba ali ku Joni, nde anthu aja anandilandira ngati m'bale wawo, nditadwala malungo anabwera ndi phala mpaka kundichapira. Zimenezo sindingaiwale ndipo n'zimene zikundisokoneza mutu mpaka lero.

Kenako zinayamba kubwera pang'onopang'ono. Chakhumi, kubzala mbewu, mafuta odzoza ogula, phindu lonse la January kupereka ati zipatso zoyamba, kusala masiku 21, kudzuka 3 koloko usiku kumenyana ndi mfiti za kumudzi kwathu. Mayi anga ondibereka ndinasiya kudya nsima yawo chifukwa Papa, mneneri wa mpingowo, anati kuchimuna ndi kuchikazi konse kuli maguwa. Ukafunsa kanthu amangokuwerengera Salmo 105, musakhudze odzozedwa anga, nkhani yathera pompo.

Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wa belo unakwera moti geni inangotsala pang'ono kufa, ndinadumphitsa chakhumi miyezi itatu. February wake mimba ya miyezi inayi inachoka. A nesi anandiuza bwinobwino kuti mayi izi zimachitikira azimayi ambiri, simunalakwitse kanthu. Koma Lamulungu lotsatira Papa anandiitana kutsogolo, maiki ali m'manja, foni ikujambula za pa Facebook, amvekere mayi uyu anabera Mulungu nde zolusa za pa Malaki 3 zamudyera mwana. Ndinagwada pa simenti ndisanachire n'komwe, anthu akukuwa ameni, ine n'kumapepesa. Eti kupepesa ineyo, Azakhali. Ndinapirirabe miyezi ina ingapo, mu October ndinangosiya kupita.

Anandichotsa mu gulupu ya WhatsApp tsiku lomwelo. Azimayi amene tinkadyera mbale imodzi akandiona kudepoti amayang'ana kumbali, ena anali makasitomala anga okhazikika, onse phwii. Wina anandilembera kuti Papa aona m'masomphenya kuti chaka sindimaliza. Chaka chija chinatha ndikadali moyo, koma kauzeni thupi langali.

Vuto langa lenileni ndi limeneli. Mutu ukudziwa kuti zinali zongotiopseza koma thupi silikumva. 3 koloko ikakwana maso amangotseguka okha, mtima uli thi thi thi, thukuta ndi kuzizira kwa ku Mzuzu konseku. Ndikamva sipika ya kruseti patali m'mimba mumawira. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza chitseko chili pululu, poto ali pambaula madzi akuwira, masilipasi a mwana ali pakhomo iye kulibe, kunja kuli zii. Miyendo inafa, ndinakhala pansi n'kuyamba kukuwa kuti mkwatulo wachitika ine ndatsala. Kumeneko mwana anali kwa aneba kuonera katuni ndipo bambo ake anangopita kukagula mayunitsi. Anandiseka, nanenso ndinaseka nawo, koma usiku ndinalira. Kabaza itandigwetsa ku Katoto ndinangosupuka bondo, koma sabata yonse ndimaganiza kuti temberero lija layambapo.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi mwanayu. Juzi tikudya anandifunsa kuti mami, popeza sitipita kutchalitchi tikapsa ku Gehena eti? Ndinasowa choyankha chifukwa amene ndinamuphunzitsa zimenezo ndine ndemwe.

Mayi anga tinagwirizananso, ndinapita kumudzi kukawapepesa ndipo anangoti mwana salakwa. Iwo ndi a Mvano, nde nyimbo yawo ndi imodzi, bwerera ku CCAP, ukafa adzakuimbira ndani, ukufuna tidzakuike ngati galu? Ndinayesa, ndinapita Lamulungu lina, anthu ake abwinobwino palibe anandikalipira, koma abusa atangokweza mawu pang'ono polalikira ndinatuluka kukasanza kuseri. Baibulo sindingalitsegule, vesi iliyonse ndimaimva m'mawu a Papa. Kaya Mulungu ndimamukhulupirirabe kaya ayi, panopa sindingakuuzeni, masiku ena ndimamusowa masiku ena ndimakwiya naye. Bambo akunyumba amangoti ziiwale zinapita izo, iwo zatchalitchi analibe nazo ntchito kuyambira kale.

Mnzanga wina wa pamsika anandiuza kuti ndipite ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo, kuti kuli aphungu omvetsera nkhawa ngati zimenezi. Mtima ukufuna koma mukudziwa mmene anthu amayankhulira, akangokuona ukulowa pageti paja mawa nkhani ili ponseponse kuti wapenga, ndipo akumpingo aja adzati mwaona, ulosi wakwaniritsidwa. Komanso poti ndi malo a Akatolika ndimaopa kuti mwina akangondiuza kuti pempherani kwambiri, pamene mapempherowo ndi amene akundidwalitsa.

Nde ndithandizeni Azakhali. Zimene zikundichitikirazi ndi matenda oti munthu amachira, kapena ndizingokhala chonchi? Mayi anga ndiwauze bwanji kuti andipatse kaye nthawi popanda kuwapweteketsanso mtima kachiwiri? Nanga mwanayu akadzafunsanso za Gehena ndimuyankhe kuti chani?

Ine wosowa tulo,
Chibavi, Mzuzu